Katundu wa Stroud Abwerera pa Sikelo

Orville Tackett anali atagwira kale chitsulo chotsegulira zitseko za thiraki pamene mwini katundu anamumenya padzanja ndi chipewa.

"Chisiye chimenecho, mdala. Pano sipatsika ngakhale supuni. Ndikufuna galimoto imeneyi ibwerere pa sikelo."

Pali anthu ena amene ukangomva mawu awo umalakalaka ukanadzuka ukudwala tsiku limenelo. Mwini katunduyo, Garrett Stroud, anali wa mtundu umenewo. Anali atangopatsidwa ukapitawo pa fakitale ina ya nyama ku Amarillo, ndipo ukapitawowo unali utamulowa m'magazi, moti ngakhale mphepo imene inkaulutsa fumbi pakhomo la nyumba yake yatsopanoyo ankaiyang'ana ngati yachedwa kuntchito. Orville anali wamkulu kwa iye kutalitali, wa imvi zake, koma kwa Stroud aliyense wonyamula katundu anali iwe.

"Bwana, katunduyu tinayeza kale ku Dayton," anatero Orville. "Kapepala ka sikelo muli nako m'thumbamo. Tiloleni titsitse dzuwa lisanakwere, anthufe tili ndi ulendo."

"Munayeza ine ndili kuti? Ndinali kuno. Ndinauza mkazi wanga kuti akaonerere, koma uja mutha kumuikira nkhuku pa sikelo n'kumuuza kuti ndi ng'ombe, avomera. Lamulo ndikulidziwa ine. Katoni imodzi ikangoponda pansi, ufulu wanga woyezetsanso watha. N'chifukwa chake ukuthamangira zitseko ngati wapanikizika m'mimba."

Pamenepo sananame. Lamulo linalidi choncho, ndipo Orville ankathamangiradi zitseko. Koma chimene ankathamangira sichinali chimene Stroud ankaganiza. Thirakiyo inali itapepuka, ndipo Orville ankadziwa bwino lomwe kumene kulemera kwake kunatsala.

Zinayambira ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, tsiku lopakira. Stroud anali atatsogola kale kuntchito yatsopano, n'kusiya mkazi wake Noreen ndi mwana wawo wamkazi m'manja mwa amayi ake ndi mng'ono wake Dale, kuti adzabwere pa basi sukulu ikatsekera Lachisanu. Dale ndiye anatumidwa kuyang'anira kupakira. Anakhala pa mpando panja, chitini cha mowa m'manja, maso ali pa mlamu wake kuposa pa katundu. Dale atapita kuseri kukataya madzi, Noreen anabwera pamene Orville ankamanga malamba.

"Bambo, ndikupempheni chinthu. Mulu uli pakona apowo, mudzaupakire komalizira, pafupi ndi zitseko. Mukafika ku Joplin mukausiye kwa azakhali anga. Ndi panjira panu pomwe."

Muluwo unali wa makina osokera, aakulu aja a m'mafakitale, makatoni a nsalu, zovala, mabuku a mwana ndi mapoto a malemu amayi ake a Noreen.

"Pitani ku ofesi mukalembetse, mayi. Zoima panjira zimalembedwa."

"Zikalembedwa zipita kwa mwamuna wanga. Wolipira ndi iye."

"Ndiye ine ndine woyendetsa galimoto, si m'busa wa mpingo."

Noreen sanalire, sanachondererenso. Kunali kotentha, koma iye anali atavala malaya a manja aatali. Anapinda dzanja limodzi mpaka pachigongono, n'kulisiya choncho kuti Orville aone mabala a kumenyedwa, kenako n'kulibweza. Anati iye ndi mwana akakwera basi Lachisanu, akatsikira ku Joplin. Anati mwamuna wake sadziwa ngakhale kabati imene mumakhala mchere, ndipo makatoni sadzatsegula, adzadikira mkazi. Chimene chinkafunika n'chakuti Stroud asanunkhize kanthu Lachisanu lisanakwane, chifukwa akangoimbira Dale foni imodzi, pakhomo paja sadzatulukaponso.

Orville anatukwana chamumtima. Anatukwana Stroud, anatukwana Dale, anatukwananso mayiyo chifukwa chosankha iyeyo pakati pa oyendetsa onse a mu Ohio. Kenako anapakira muluwo komalizira. Poti Dale anali atabwerera pa mpando wake, zonse zinalowa pamodzi, ndipo zonse zinakwera pa sikelo pamodzi. Ku Joplin, azakhali aja, nkhalamba yoyendera ndodo, anawatsegulira garaja osawafunsa ngakhale mayina.

Tsopano linali Lachitatu, ndipo thiraki inali ikubwerera pa sikelo, galimoto ya Stroud ili pambuyo pomwepo ngati yamangiriridwa.

"Ndinakuuza ine," anatero Reggie Mabry, mnzake wa pantchito, munthu wamkulu thupi amene mawondo ake anali atatopa naye kalekale. Mawu amenewa anayamba kuwanena ku St. Louis ndipo anali asanatope nawo. "Ndinati nkhani za m'banja la eni ake zimapsereza wolowerera. Iwe uja, mtima wabwino. Taona tsopano."

"Tseka pakamwa, ndikuganiza."

"Ukuganiza ndi chiyani? Zoganizira unazisiya ku Joplin pamodzi ndi mapoto aja. Wapepuka bwanji?"

"Makina okha aja anatithyola msana tonse awiri. Ukaphatikiza nsalu ndi mabuku, ndi wochuluka."

Reggie anayang'ana makola a ng'ombe amene ankadutsa, fungo la ndowe likulowa ngakhale mawindo anali otseka. Kenako anadzimenya pamimba.

"Chabwino. Thira dizilo mpaka asefukire, lamulo limafuna mathanki odzaza, palibe angakunene. Ine nditsika ngati ndikupita kuchimbudzi, ndizungulira mbali inayo, ndikagona pa kabedi ka kumbuyo kwa mipandoku n'kutseka katani. Mimba imeneyi ndaidyetsa zaka zonsezi, lero igwireko ntchito."

Pa ntchito yosamutsa anthu, mtengo umatsatira kulemera, ndipo njira zonenepetsera katundu aliyense amazidziwa. Ena amayeza thiraki yopanda kanthu mathanki alibe mafuta, n'kudzayeza yodzaza atathira mafuta. Ena amabisa anthu m'kati. Orville anali asanachitepo zimenezi chiyambire, ndipo ankanyadira kwambiri, mwina mopitirira muyeso, chifukwa m'malo odyera a oyendetsa ankakana kukhala tebulo limodzi ndi amene ankadziwika ndi khalidweli. Wogwidwa akuchita zimenezi kampani imafufuta dzina lake, boma limamulondola, ndipo palibe kampani ina imene imamuyang'ananso kawiri. Thiraki inali yakeyake, koma popanda dzina la kampani pachitseko inali chitsulo chongodya mafuta.

"Sizikwana," anatero.

"Zichepetsako. Zotsalazo tinena kuti masikelo amasiyana."

Orville sanavomere, koma sanakanenso. Anakhotera pa malo omwetsera mafuta.

Sikelo inali kuseri kwa malowo, chitsulo chachitali choyala pansi, pambali pake kanyumba ka galasi. M'kanyumbamo munali mayi Yolanda, amene anayeza mathiraki a Orville kwa zaka zambiri ndipo nthawi zonse ankamusungira khofi wotentha. Atamuona anakweza dzanja akumwetulira. Orville anaimika thiraki pa chitsulocho bwinobwino, anazimitsa injini, n'kutsika monga lamulo linenera.

Stroud anali ataima kale pamenepo, manja m'chiuno.

"Chimphona chija chili kuti?"

"Wapita kuchimbudzi, bwana."

"Kuchimbudzi ndachokera kumeneko ine. Muli woyendetsa mmodzi wa ku Arkansas, akusamba kumaso." Anatembenukira ku kanyumba kaja. "Mayi, musadine kanthu kaye."

Anakwera masitepe a thiraki ngati yake, n'kulowa ndi nsapato zake zafumbi pa mpando wa Orville. Kunamveka katani ikukokedwa. Kenako kunamveka chiseko, chiseko chonyansa cha munthu amene wapeza chimene amachifuna.

"Dzuka, khanda lalikulu. Tafika."

Reggie anatsika chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo aja, atagwira chipewa m'manja. Anayesa kunena kuti mutu unamugwira mwadzidzidzi, koma mawuwo anafera m'kamwa. Oyendetsa awiri amene ankadikira mzere anali atatsika m'mathiraki awo kudzaonerera. Mayi Yolanda anatuluka m'kanyumba kaja. Kumwetulira kunali kutatha.

"Orville, n'chiyani chimenechi?"

"Yezani, mayi," anatero Stroud. "Yezani tsopano, mbava zonse zili pansi."

Mayi Yolanda analowa, anadina, n'kutuluka ndi kapepala. Stroud anakatsomphola, anatulutsa ka ku Dayton kaja m'thumba, n'kuika tiwiriti pamodzi. Milomo yake inkagwedera akuchotsera.

"Yapepuka ndi mapaundi 900," anatero mokweza kuti oyendetsa aja amve. Amenewo anali makilo oposa 400. "Mwamva, akuluakulu? Mapaundi 900 a mphepo, ndipo amafuna ndiwalipire."

Anaseka. Koma chisekocho sichinapite patali. Chinayamba kuzilala, ndipo Orville anaona nkhope ya munthuyo ikusintha. Vuto la Stroud linali lakuti anali woipa koma sanali chitsiru. Tsiku lililonse ankaima pafupi ndi sikelo kuntchito kwake, ndipo ankadziwa kuti nyama ikapepuka ndiye kuti ina yatuluka pakhomo.

"Taimani kaye," anatero chapansipansi. "Mapaundi 900 si chimphona chimodzi. Nanga ngati ku Dayton sikelo inanena zoona? Ndiye kuti m'galimoto umu mwatuluka zinthu." Anamuyang'ana Orville m'maso. "Mwaima kuti panjira?"

"Pomwetsa mafuta ndi pogona, bwana."

"Anthu ngati inu mukaba mumaba wayilesi yakanema, mumaba mfuti. Zimenezo sizifika mapaundi 900. M'nyumba mwanga muja cholemera choncho n'chiyani?" Anayamba kuyenda uku ndi uku akudzimenya ndi timapepala tija pantchafu. "Mkazi uja sabata yonseyi wakhala wofatsa kwambiri pafoni. Inde bambo, chabwino bambo. Sanafunse ngakhale kuti khitchini ndi yaikulu bwanji."

Anatulutsa foni.

"Tibwerera kunyumba, titsegula katoni iliyonse, imodziimodzi, ine ndikuona. Koma poyamba ndimuuze Dale akayang'ane m'zikwama za mlamu wake."

Orville anaona chala cha Stroud chikufufuza dzina pafoni. Anakumbukira Dale ali pa mpando uja, maso ofiira, ndiponso amayi ake a Stroud amene anabwera masana a tsiku lopakira n'kumayendera zipinda akununkhiza ngati wapolisi. Mantha amene anamugwira anali oopera moyo wa Noreen, inde, koma kunena zoona analinso ndi mkwiyo, mkwiyo woti iye, munthu amene sanabepo ngakhale paundi imodzi, ndiye amene ati alipire zonsezi.

"Munali anthu anayi m'kati," anatero.

Stroud anakweza mutu.

"Ku Dayton. Reggie ndi amuna atatu amene tinawalemba ganyu yopakira. Ndinawalowetsa m'kati tisanakwere pa sikelo. Onse ndi anthu a matupi awo. Werengani nokha, mupeza mapaundi anu."

"Orville," anatero Reggie.

"Iwe khala chete. Ndinakulamula ndine, ku Dayton ndi panonso. Ukanakana ndikanakusiya pamsewu." Anatembenukiranso kwa Stroud. "Mkazi wanu anabwera kudzaonerera. Ndinamuuza kuti pa sikelo salola anthu wamba kuyandikira, adikire m'galimoto. Anadikira. Sanaone kanthu."

Mmodzi wa oyendetsa aja analavula pansi n'kubwerera ku thiraki yake. Mayi Yolanda anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, osamuyang'ana Orville.

"Ukudziwa kuti zimene wanenazi sindingazisunge," anatero. "Ndiyenera kukanena."

"Kaneneni, mayi."

"Zaka zonsezi ndimauza atsikana a muno kuti ukaona thiraki ya Tackett usavutike n'kusuzumira. Kodi unkandipusitsa kuyambira liti?"

Pa zonse za tsikulo, funso limeneli ndi limene linamulasa Orville kwambiri, ndipo analibe chonena chimene sichikanagwetsa bodza lake.

Koma Stroud anali atatsitsimuka. Munthu wokonda kupambana ukamupatsa chipambano sayang'ananso kumbali. Nkhope yake inawala, chifuwa chinatukuka, ndipo maganizo aja a zikwama anauluka onse. Anayandikira mpaka Orville anamva fungo la fodya wotafuna.

"Bwereza. Nena kuti ndine mbava."

"Ndanena kale zimene ndinachita."

"Ayi, ndikufuna mawu amenewo. Ndine mbava."

"Ndine mbava."

"Waona? Sizinapweteke." Anamusisita patsaya ngati mwana. Orville anafumbata manja m'matumba mpaka zikhadabo zinalowa m'khungu. Akanangokweza dzanja limodzi, mano a kapitawoyo akanatoledwa pa sikelo pomwepo, ndipo ankalakalaka kutero kuposa chilichonse. Anaima chilili.

Stroud anaimbira ku ofesi ya kampani poyamba. Analankhula nthawi yaitali, akuyenda uku ndi uku, akutchula dzina la Orville momveka bwino, chilembo ndi chilembo, kuti asalakwitse. Anatchula maloya, anatchula boma, anatchula nyuzipepala. Reggie anakhala pa sitepe ya thiraki atagwira mutu.

"Aise," ananong'ona, "nena zoona. Ku ofesi kokha. Mwina amva."

"Ku ofesi akamva, amuimbira iyeyu kumupepesa kuti katundu wake ali ku Joplin. Ukuwadziwa."

Reggie ankawadziwadi.

Atamaliza ndi ofesi, Stroud anali asanakhute. Chipambano chopanda mkazi wochiona chinali chosakoma kwa iye. Anaimbanso, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve, n'kuiika pafupi ndi nkhope ya Orville.

"Halo, bambo?" Anali Noreen. Kumbuyo kwake kunkamveka wayilesi yakanema ndi mawu a mayi wachikulire akufunsa kuti akuimba ndani.

"Iwe, ukudziwa kuti ndili kuti? Ndili pa sikelo. Ndayezetsanso. Galimoto yapepuka ndi mapaundi 900."

Orville anamva mpweya wa mayiyo ukukokedwa, n'kuima. Ankafuna kukuwa kuti asanene kanthu, adikire, koma foni inali m'manja mwa mwini wake.

"Wamva kapena wagona?"

"Ndamva, bambo." Mawuwo anali aang'ono kwambiri. "Ndiye... ndiye akuti chiyani?"

"Akuti chiyani? Wavomera yekha. Anabisa anthu anayi m'galimoto ku Dayton, iwe uli phee m'galimoto yako ngati thumba la mbatata. Ndinakutuma kukaonerera kapena kukawothera dzuwa? Ndikanakhala wopusa ngati iwe bwenzi atatidya."

"Anthu anayi," anatero Noreen pang'onopang'ono.

"Anayi. Katundu yense alipo, anabera pa sikelo. Ali pano mdala wako uja, amene unkati ndi waulemu. Akumva. Muuze wekha zimene ukuganiza."

"Bambo, ine ndilibe..."

"Ndati muuze."

Mawu a mayi wachikulire aja anamvekanso, pafupi tsopano, akuti muuze, mwana wanga wanena. Orville anayang'ana pansi, pa chitsulo cha sikelo, n'kumapempha mumtima kuti Noreen asamumvere chisoni, asafewetse mawu ngakhale pang'ono.

Noreen sanafewetse.

"Bambo inu mulibe manyazi," anatero. "Munthu wamkulu, wa imvi, kubera banja limene lili ndi mwana. Ndinakuphikirani khofi m'nyumba mwanga. Ndinakupatsani chakudya cha masana, inu ndi anzanuwo, mukudziwa kuti mukutibera."

"Onjeza," anatero Stroud, mano onse ali pamtunda.

"Anthu ngati inu ndi amene mumachititsa kuti munthu asakhulupirirenso aliyense." Mawu anayamba kunjenjemera, ndipo Stroud anagwedeza mutu mokhutira, poganiza kuti ndi ukali. "Akulandeni galimotoyo. Mukafere kutali. Ndinu mbava, bambo. Mbava yeniyeni."

Kenako analira, kulira kwenikweni kosabisa, ndipo mayi wachikulire uja anamveka akumuuza kuti basi, zakwana, asalirire ndalama zimene zapulumuka kale.

Orville ankadziwa chifukwa chake Noreen ananena zimenezo. Ankadziwa kuti wanena bwino, ndipo akanakhala iye akanamulembera mawu omwewo. Ankaganiza kuti kudziwako kumuteteza, koma sikunamuteteze. Mawuwo anamupweteka ngati kuti anali oona, pamaso pa mayi Yolanda, pamaso pa woyendetsa uja amene anali akuonererabe, ndipo anazindikira kuti m'malo onse odyera kuyambira kuno mpaka ku Ohio nkhani imene idzafike ndi imeneyi, ina ija sidzafika.

"Lachisanu usachedwe basi," anatero Stroud pafoni. "Makatoni ndi ambiri, akudikira iwe." Anadula, n'kuika foni m'thumba. "Tiyeni, mbava. Mukatsitse katundu wanga, ndipo mukakanda ngakhale mwendo wa tebulo, ndikuonjezerani mlandu."

Anapita ku galimoto yake akuimba kaluzu. Mayi Yolanda anali atalowa kale m'kanyumba kake n'kutseka chitseko.

Orville atagwira chitseko cha thiraki kuti akwere, foni yake inayamba kulira m'thumba. Inali ya ku ofesi, nambala ya bwana wamkulu amene anamulemba ntchito ali mnyamata. Reggie anamuyang'ana. Orville anaisiya ilire kangapo, kenako anayankha.

"Inde, bwana, ndine. Ayi, sananame. Anali anayi."